Mvela, Osalila: Liwu la Mlangizi m'Nyimbo za Lily Tembo ndi Chinyanja cha m'Makomboni a Lusaka

Lily Tembo, amene okonda nyimbo ankamudziwa ndi dzina loti Lily T, adamwalira mumzinda wa Lusaka pa 14 Sepitembala 2009 ali ndi zaka 27. Adasiya zimbale ziwiri zokha. Wina angafunse kuti kodi woimba wa zimbale ziwiri akufunanji m'masamba a akatswiri a zilankhulo, pomwe alipo alakatuli ndi alembi a mabuku amene ntchito zawo zikudikirabe wozisanthula. Funsoli ndi loyenera, ndipo nkhani ino ikuyesa kuliyankha. Mfundo yathu ndi yakuti Lily Tembo ndi anzake a msinkhu wake adatenga nyimbo za mtundu wa R&B, zimene kwawo ku America zimakonda kuika mawu m'kamwa mwa munthu wofunsira kapena wodandaula za chikondi, n'kuzipatsa liwu la mlangizi. Adachita zimenezi m'Chinyanja cha m'makomboni, chilankhulo chimene aphunzitsi ambiri amachiyesa Chichewa chowonongeka. Ngati mfundoyi ili yoona, ndiye kuti kaweruzidwe kathu ka chilankhulochi m'kalasi kafunika kukaonanso.

Moyo wake ndi msika umene adaupeza

Lily adabadwira ku Kabwe pa 20 Novembala 1981. Kabwe, imene kale inkatchedwa Broken Hill, ndi tauni ya njanji ndi mgodi wa mtovu, ndipo chilankhulo chamumsewu kumeneko ndi Chibemba. Mgodiwo udatsekedwa mu 1994, iye akadali mwana wasukulu. Kuimba adakuyambira kutchalitchi, monga momwe adayambira Aretha Franklin ndi Whitney Houston kutsidya la nyanja. Atamaliza sekondale adapita ku Lusaka kukaphunzira utolankhani pa Evelyn Hone College, ndipo pambuyo pake adagwira ntchito pa wailesi ya 5FM. Chimbale chake choyamba, chotchedwa ndi dzina lake lomwe, chidatuluka mu 2004 ndipo chidamupezetsa mphotho ziwiri. Nyimbo imene anthu adamudziwira kwambiri ndi "Mvela". Chachiwiri, "Osalila", chidatuluka mu 2006. Ankathandizanso pa ntchito zachifundo. Za imfa yake, manyuzipepala adalengeza kuti adadwala m'mimba ndipo magazi adamuchepera m'thupi.

Choncho iye sadali mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama, ndipo sitikufuna kumupatsa umwini umene sadaupemphe. Chimene chikumumangirira kumakomboni ndi chilankhulo chimene adasankha ndi anthu amene ankamumvera: amayi ogulitsa tomato pamsika, makondakitala a minibasi, atsikana oluka tsitsi pakhonde wailesi ili pambali.

Kuti timvetse kulemera kwa kusankha kumeneku, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda lidalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Lamuloli lidakweza magulu a Zamrock monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kalindula ya P.K. Chishala, Amayenge ndi Shalawambe idatenga malo. Koma chuma chitagwa, kampani ya Teal imene inkadinda zimbale ku Ndola idatseka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo oimba ambiri adamwalira. Amene adakula m'zaka zimenezo, monga Lily, adakulira m'rumba ya ku Zaire, kwaito ya ku South Africa, ndi mawu a Boyz II Men, Toni Braxton ndi Brandy. Radio Phoenix, wailesi yoyamba yamalonda yosakhala ya boma, idatsegulidwa mu 1996. Mu 1999 Chisha Folotiya adakhazikitsa Mondo Music Corporation, kampani imene idatulutsa Daddy Zemus, Black Muntu, Shatel, Joe Chibangu ndi JK. Chatsopano chimene achinyamatawa adabweretsa sichidali zida kapena kaimbidwe, pakuti zonsezo adachita kubwereka. Chatsopano chidali chakuti adaleka kuchita manyazi ndi chilankhulo chimene ankalankhula pamsewu. Pamene Lily ankatulutsa chimbale chake mu 2004, njirayi idali italambulidwa kale, ngakhale kuti akazi oyendamo adali ochepa.

Chilankhulo chimene adaimbira

Lusaka idakhala likulu mu 1935, ndipo oikonza sadaganizire kwenikweni za kumene antchito achikuda adzagone. Ambiri adamanga pa minda ndi pa malo okumba miyala a azungu, n'chifukwa chake makomboni ena, monga George, John Laing ndi John Howard, ali ndi maina a anthu. Matero idamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950. Makomboni ongodzimangira adayamba kuvomerezedwa ndi lamulo la 1974. M'malo amenewa mudakumana Achewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka, anthu ochokera ku Nyasaland, Asoli ndi Alenje eni nthaka, kenako Abemba, Atonga ndi Alozi. Chinyanja chidali kale chilankhulo cha apolisi ndi asilikali m'nthawi ya atsamunda, motero ndicho chidakhala mphika wophikiramo zonse. Kalembera wa 2010 adapeza kuti anthu oposa 60 mwa 100 alionse m'chigawo cha Lusaka amagwiritsa ntchito Chinyanja monga chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku, ndipo n'zochititsa chidwi kuti kalemberayo adawerenga Chinyanja ndi Chichewa padera.

Owerenga a ku Malawi ndi ku Katete angafune zitsanzo. Pamene Mchewa anena kuti "ana anga ali kuti?", mwana wa ku Mtendere amati "bana banga bali kuti?" Pamene ife timati "ndili ndi zinthu zambiri", iye amati "nili na vintu vambili". Tsiku ndi "siku", dzina ndi "zina", madzi ndi "manzi", tsopano ndi "manje", kulankhula ndi "kukamba". Mphunzitsi wofulumira kuweruza amati uku ndi kulumira mawu. Koma wophunzira mbiri ya zilankhulo za Chibantu akudziwa kuti mphatikira wa ba- m'mawu oti "bantu" ndi wakale kuposa a- wa m'mawu oti "anthu". Chichewa ndicho chidafewetsa liwulo mpaka kulitaya, pomwe Chibemba ndi Chitonga zidalisunga. Chimodzimodzinso vi- wa "vintu", amene tikumupeza m'Chinsenga ndi m'Chitumbuka, ali pafupi ndi chiyambi kuposa zi- wathu. Zimene zikuoneka ngati kuwonongeka nthawi zambiri ndi katundu wa zilankhulo zoyandikana nazo amene walowa m'nyumba imodzi, ndipo walowa motsata malamulo, pakuti mwana wa ku Kalingalinga sasokoneza agwirizanitsi ake.

Maina awiri a ntchito za Lily akuonetsa zimenezi poyera. M'kalembedwe kovomerezeka tikadalemba "Mvera" ndi "Osalira", potsata lamulo loti r amabwera pambuyo pa e ndi i. Lamulo limeneli ndi la m'mabuku. M'kamwa mwa anthu a ku Lusaka mumamveka l ponseponse, ndipo kulemba "Osalila" ndi kulemba chimene khutu lamva. Koma kusiyana kwakukulu kuli m'tanthauzo. M'Chichewa, kumvera ndi msintho wa mneni kumva, ndipo kumatanthauza kutchera khutu kapena kutsata lamulo. M'Chinyanja cha ku Lusaka, "kumvela" kwameza ntchito zonse za kumva: munthu amamvela phokoso, amamvela njala, amamvela bwino, amamvela chifundo, amamvelanso makolo. Motero woimba wa ku Lusaka akatchula "mvela", liwu limodzilo lanyamula kumva ndi khutu, kumva mumtima, ndi kugonjera malangizo. Mlakatuli aliyense angasirire liwu lotere. Mlembi wa Chichewa cha m'mabuku angafunike mawu atatu kuti afike pomwepo.

Kanenedwe kolamula

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Taonani maina amene oimba a nthawi imeneyi ankapatsa ntchito zawo. Black Muntu adatcha chimbale chawo "Wisakamana", mawu a Chibemba otanthauza kuti usade nkhawa. Danny Siulapwa ali ndi "Mvelani". Lily ali ndi "Mvela" ndi "Osalila". Onsewa ndi aneni a kanenedwe kolamula, ndipo palibe limodzi mwa malamulowa limene likupempha kanthu kopindulira woimbayo. Wolankhula sakuti ndikonde, bwerera, kapena usandisiye. Waima pambali pa munthu amene ali m'mavuto, ndipo akumuuza chochita.

Malo amenewa ndi odziwika bwino pa chikhalidwe chathu. Ndi malo a namkungwi patsimba, a ankhoswe pa mlandu wa banja, a alangizi amene mpaka lero amaitanidwa m'makomboni kukaphunzitsa mtsikana asanalowe m'banja, ndi a mayi wamvano kapena wa Chigwirizano amene amatsala ndi wamasiye anthu atabalalika. Chodabwitsa n'chakuti pano malowa watenga ndi mtsikana wa zaka 22 kapena 23, woimbira pa zida zamagetsi. Pamudzi, munthu wa msinkhu umenewo amakhala wolangizidwa. Wailesi ndi situdiyo zidapatsa achinyamata mpando umene mwambo sukadawapatsa.

Tiyang'anitsitse kapangidwe ka maina awiriwa. "Mvela" alibe -ni waulemu. Ndi mawu olankhula kwa mwana, kwa mng'ono, kapena kwa mnzako wapamtima. "Mvelani" wa Danny ndi wa mlaliki kapena wolengeza pabwalo, woitana khamu. "Osalila" ndi wosiyana ndi onsewo. Chilankhulo chimatipatsa njira zitatu: usalire, yoloza munthu mmodzi; musalire, yaulemu kapena ya anthu ambiri; ndi osalira, imene siloza munthu aliyense. Njira yachitatuyi ndi imene timaiona pa makoma ndi pa mipanda: osataya zinyalala pano, osadutsa apa. Ndi liwu la chikwangwani, louma, lopanda nkhope. Koma ndi liwunso limene mayi amanong'oneza mwana wakumsana pomutonthoza. Kuika liwu limeneli pa chikuto cha chimbale ndi kusiya khomo lotsegula, kuti aliyense wolira alowe n'kudziyesa kuti akunenedwa ndi iyeyo.

Tikumbukirenso kuti kwathu kuno salamula munthu kuti asalire maliro ali m'nyumba. Kulira ndi udindo, ndipo wosalira amamukayikira. Mawu oti osalira amabwera pambuyo, manda atatsekedwa, ndipo amanenedwa ndi munthu amene walira nawo. Iwo ndi mawu obwezera wotsala ku moyo.

Nanga n'chifukwa chiyani achinyamata a ku Lusaka adasankha liwu limeneli pa nthawi imeneyo? Kafukufuku wa zaumoyo wa 2001 mpaka 2002 adapeza kuti pafupifupi anthu 16 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Zambia adali ndi kachilombo ka HIV, ndipo m'chigawo cha Lusaka chiwerengerocho chidapitirira 20. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala zing'onozing'ono za boma mu Lusaka mu 2004, chaka chomwecho chimene "Mvela" idamveka. Zaka khumi zam'mbuyo mwake, malole odzaza anthu oimba nyimbo zamaliro polowera ku manda a Chingwere ndi Leopards Hill adali chinthu cha tsiku ndi tsiku. Agogo ankalera zidzukulu, ana ankalera ana anzawo, ndipo ambiri mwa azakhali ndi amalume amene akadalangiza adali atapita. Mumzinda wotere nyimbo yachikondi sikadangokhala ya kufunsira kokha, chifukwa chikondicho chidali ndi imfa m'kati. Danny adatchuka ndi nyimbo ya "Kaya" mpaka liwulo lidasanduka dzina lake; ndi liwu la munthu amene sakudziwa za mawa. "Kaya" ndi "Osalila" ndi mayankho awiri a funso limodzi.

Pali zotsutsa ziwiri zimene sitingazilambalale. Choyamba, R&B ya ku America nayonso ili ndi nyimbo zolangiza ndi zotonthoza, monga zimene adaimba Marvin Gaye ndi Bill Withers kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mtundu wonsewu udayamwa bere la nyimbo zakutchalitchi kuyambira masiku a Ray Charles. Reggae, imene idazika mizu ku Lusaka, nayonso ndi yolalikira. Chachiwiri, si oimba onse a nthawiyo adali alangizi. JK adatchuka ndi malonjezo a mnyamata kwa bwenzi lake, ndipo Shatel adatcha chimbale chawo "Chikondi". Tikuvomera zonsezi. Sitikunena kuti Lusaka ndiyo idatulukira nyimbo yolangiza. Tikunena kuti chimene ku America cha m'ma 1990 chidali nthambi yam'mbali, ku Lusaka chidakhala thunthu, ndipo chidatero chifukwa chidapeza mwambo wachilangizo uli kale m'chilankhulo ndi m'makutu a omvera. A Sakala Brothers a ku Matero, amene sankaimba R&B, ankamwa pa chitsime chomwecho, ndipo Paul Ngozi adamwapo iwo asanabwere.

Mawu ndi maimbidwe

Nkhani ina imene akatswiri a kamvekedwe ka mawu angaikonde ndi ya kukumana kwa chilankhulo ndi maimbidwe obwereka. Chizindikiro chachikulu cha R&B ndi kukoka phatikizo limodzi pa manoti ambiri, mawu akukwera ndi kutsika ngati mbalame yosewera ndi mphepo. M'Chingerezi kukokaku kumagwera kawirikawiri pa liwu lomaliza la mzere. Chinyanja chili ndi mwayi ndi tsoka pa nkhaniyi. Mwayi wake ndi wakuti maphatikizo ake amathera m'lembo la liwu, choncho woimba ali ndi pokokera paliponse. O-sa-li-la ndi maphatikizo anayi opanda chopunthwitsa lilime, ndipo Chinyanja cha ku Lusaka, chimene chidasiya ts, dz ndi mpweya wa nth ndi nkh m'mawu ambiri, n'choterera koposa. Tsoka lake ndi lakuti chilankhulo chathu chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, monga adafotokozera Jonni Kanerva mu 1990 ndiponso Laura Downing ndi Al Mtenje mu 2017. Woimba akakokera pa phatikizo lomaliza potsanzira Amereka, khutu la mwini chilankhulo limamva ngati mlendo akulankhula. Kuwonjezera apo, kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa matanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndiponso nthawi za aneni. Maimbidwe okhotakhota amafafaniza zimenezi.

Poweruza oimba a R&B a m'Chinyanja, muyeso wabwino ndi womwewu: kodi mawu apulumuka? Ambiri adalephera, ndipo nyimbo zawo zimamveka ngati Chingerezi chovala chitenje. Maganizo athu ndi akuti mphamvu ya Lily idali kudziletsa. Womvetsera amatola mawu ake mosavutika, ndipo kukometsera sikumiza chiganizo. N'kutheka kuti kwaya ndi ntchito yapawailesi zidamuphunzitsa zimenezi, pakuti m'malo onse awiriwo liwu losamveka ndi liwu lotayika. Kudziletsaku kukugwirizananso ndi udindo umene adasankha: mlangizi amene mawu ake samveka walephera ntchito, ngakhale liwu lake likhale lokoma chotani.

Sitikufuna kumutamanda mopitiriza muyeso. Zimbale ziwiri ndi chiyambi, ndipo imfa ya msanga imakonda kukuza mbiri ya munthu kuposa ntchito imene adagwira. Nyimbo zambiri za m'zaka zimenezo zidajambulidwa mothamanga, ng'oma ndi malipenga zikuchokera m'kiyibodi imodzi, ndipo lero zimamveka zopyapyala poziyerekeza ndi magitala amoyo a kalindula. Liwu la mlangizi nalonso lili ndi msampha wake. M'zaka za m'ma 2000 mabungwe othandiza adazindikira kuti oimba amafika kumene zikwangwani sizifika, ndipo malire pakati pa nyimbo ndi uthenga wolipiridwa adayamba kufufutika. Malangizo akachoka m'kamwa mwa munthu wolira nawe n'kulowa m'ndondomeko ya ofesi, "osa-" uja amabwerera ku khoma kumene adachokera. Pali funso linanso limene ofufuza za amayi ayenera kulifunsa: kodi mkazi woimba amaloledwa kutchuka mosavuta pamene akutonthoza ndi kulangiza kuposa pamene akunena zofuna za mtima wake? Mampi, amene adatchuka pambuyo pake ndi kavinidwe ndi mawu osabisa, adalandira chidzudzulo cha mtundu wina.

Za m'kalasi

Eddie Williams, pofufuza za kuwerenga m'sukulu za ku Malawi ndi Zambia m'zaka za m'ma 1990, adaona kuti Chinyanja cha m'mabuku ndi chosiyana ndi chimene ana a ku Lusaka amalankhula. Geoffrey Tambulukani ndi Adriana Bus adaonetsa pambuyo pake kuti mwana amene chilankhulo chake chatalikirana ndi cha m'kalasi amavutika kuphunzira kuwerenga, ngakhale zonse ziwiri zikutchedwa Chinyanja. Mu 2014 boma lidayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za m'dera, ndipo Lusaka idapatsidwa Chinyanja. Koma mwana wa ku George atatsegula buku adapezamo "madzi", "tsopano" ndi "zinthu", mawu amene amayi ake sawatchula. Ndondomeko ya maphunziro ya 2023 idabwezera Chingerezi patsogolo, komabe Chinyanja chidatsala monga phunziro, ndipo mpata uja pakati pa buku ndi pakamwa sudatsekedwe. Mu 2013 Andrew Gray, Brighton Lubasi ndi Phallen Bwalya adasindikiza buku lophunzitsira Chinyanja cha m'tauni, ndipo Kelvin Mambwe adasanthula chilankhulo cha nyimbo za achinyamata a ku Lusaka. Koma mphunzitsi wa ku Chawama akadalibe mulu wa zolembedwa zimene angaike pamaso pa ana n'kunena kuti ichi ndi chilankhulo chanu chili pa ntchito yolemekezeka.

Mulu umenewo ulipo, koma uli m'nyimbo. Mphunzitsi atalemba "Osalila" ndi "Osalira" pa bolodi moyandikana, ali ndi phunziro la kalembedwe. Atawonjezera "usalire" ndi "musalire", ali ndi phunziro la kanenedwe ka aneni ndi ulemu. Atafunsa ana kuti atchule zinthu zonse zimene munthu "amamvela", ali ndi phunziro la matanthauzo limene ana aja adzaliphunzitsa okha. Palibe chimene Chichewa cha m'mabuku chingataye pamenepa, pakuti mwana amene wauzidwa kuti pali njira ziwiri amaphunzira yachiwiriyo mosachita mantha.

Vuto ndi lakuti nyimbozi zikusowa. Zidatuluka pa makaseti ndi ma CD m'nthawi imene ojambula mwakuba adafooketsa makampani, ndipo zambiri zimapezeka lero chifukwa cha okonda nyimbo amene adaziika pa YouTube, nthawi zina popanda chaka kapena dzina la wojambula. Zamrock idapeza oisunga: kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles idasindikizanso nyimbo za WITCH ndi za Paul Ngozi pamodzi ndi mbiri yake. Ntchito yotere pa nyimbo za 1999 mpaka 2009 ikuyenera madipatimenti athu, ndipo wolemba mawu a nyimbozi adzakumana ndi chisankho pa mzere woyamba womwe: alembe l kapena r, "muntu" kapena "munthu", ch wa ku Malawi kapena c wa kalembedwe ka ku Zambia ka 1977. Ife tikuti alembe zimene woimba adatchula, Chichewa cha m'mabuku achiike pambali pake, ndipo aonetse ndi chizindikiro phatikizo lililonse limene woimba adakokera.